Banki yakana kukonzanso ngongole ya galimoto yanu ku Gaborone: mafunso ndi mayankho

Kuno ku Gaborone galimoto si yodzionetsera chabe. Makombi alipo, koma kuchoka ku Tlokweng kapena ku Mogoditshane, kukatula ana kusukulu, n'kukafika kuntchito nthawi isanakwane, n'kovuta ngati mulibe yanuyanu. N'chifukwa chake Amalawi ambiri amene ali kuno, kaya ndi aphunzitsi, anamwino, amisiri kapena owerengera ndalama, akangokhazikika amayamba ndi ngongole ya galimoto. Chaka chikatha, lendi yakwera, kumudzi akufuna ya feteleza, ndalama yodulidwa pamwezi ija imayamba kuwawa. Munthu amavala bwino n'kupita ku CBD, kumene kuli malikulu a FNB Botswana, Absa ndi First Capital Bank, kukapempha kuti ngongoleyo aikonzenso. Pakapita masiku angapo uthenga umalowa pafoni: pempho lanu silinatheke. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa zikatere.

Kodi kukonzanso ngongole kumatanthauza chiyani kwenikweni?

Ndi kutenga ngongole yatsopano kuti itseke yakale. Banki yatsopano, kapena yomweyo imene muli nayo, imalipira ndalama zonse zotsala pa galimotoyo, ndipo inu mumayamba kubweza mwa pangano lina. Mwina chiwongoladzanja chimatsika, mwina zaka zobwezera zimachuluka, mwina zonse ziwiri. Galimoto imakhalabe chikole mpaka thebe yomaliza italipidwa.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti banki imakuonani ngati munthu wobwera kumene. Zoti zaka ziwiri zapitazo anakuvomerani zilibe ntchito lero. Amayambanso kufufuza kuchokera pachiyambi, ndipo galimoto imene akuiyang'ana panopa ndi yokalamba kuposa imene anaiona poyamba.

Sindinaphonyepo ngakhale mwezi umodzi pa galimotoyi. Nanga andikaniranji?

Funso limeneli muyenera kulifunsa kwa iwo eni, osati kwa anzanu a kutchalitchi. Bwererani kunthambi, pemphani kuonana ndi amene anagwira fayilo yanu, ndipo mufunse mwaulemu kuti chakanitsa n'chiyani. Ambiri amachita manyazi n'kungochoka. Komatu yankho la kalaliki uja ndi limene likuuzeni poyambira, chifukwa zifukwa zokanira zimasiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyananso.

Choyamba chimene amaona ndi ndalama zimene zimakutsalirani m'manja. Amatenga malipiro anu, n'kuchotsapo msonkho, ngongole zina zonse, lendi, inshulansi, ndi zimene sitetimenti yanu ikusonyeza kuti mumawononga mwezi ndi mwezi. Pa nthawi imene munkagula galimoto mwina munalibe ngongole ina. Lero pali mipando ya pangongole, akaunti ya zovala, foni ya pakontirakiti ndi kangongole kena kamene munatenga pa nthawi ya maliro. Iliyonse payokha ndi yaing'ono, koma akaziika pamodzi zimadya gawo lalikulu la malipiro kuposa limene banki ingalole.

Chachiwiri ndi galimoto yeniyeniyo, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera osadziwa. Mtengo wa galimoto umatsika msanga kuposa mmene ngongole imatsikira, makamaka m'zaka zoyambirira, pamene gawo lalikulu la zimene mukulipira limapita ku chiwongoladzanja. Tiyerekeze kuti kwatsala P120,000 koma galimotoyo itagulitsidwa lero ingapite pa P95,000. Banki ikavomera, ndiye kuti P25,000 yaibwereketsa popanda chikole chilichonse. Mungakhale munthu wokhulupirika chotani, masamu amenewa sakukomerani. Zimavuta kwambiri ngati munagula popanda dipoziti, kapena ngati pangano lanu lili ndi chindalama chachikulu chodzalipira kumapeto. Zaka za galimoto nazo amaziwerengera. Magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, ma Honda Fit ndi anzake amene adzaza m'mabwalo ogulitsira ku Mogoditshane, mabanki sawakonda kwenikweni ngati chikole, ndipo n'chifukwa chake ambiri amene ali nawo anawagula ndi ngongole wamba yopanda chikole, imene chiwongoladzanja chake chimakhala chokwera.

Chachitatu ndi mbiri yanu ya ngongole, imene tiikambe payokha. Ndipo ngati ndinu mlendo pali chachinayi, pemiti.

Kodi vuto lingakhale la banki, osati langa?

Zingatheke ndithu. Chuma cha Botswana chimadalira diamondi, ndipo malonda a mwalawu atalowa pansi, chuma cha dziko chinabwerera m'mbuyo mu 2024. Mu Ogasiti chaka chimenecho Bank of Botswana inatsitsa chiwongoladzanja chake chotsogolera kufika pa 1.9 peresenti, koma zimenezi sizinapangitse kuti ngongole zipezeke mosavuta. Ndalama zinachepa m'mabanki, ndipo mu 2025 mabanki anakweza chiwongoladzanja chimene amabwereketsera. Ndalama zikachepa, banki imasankha kwambiri wobwereka. Fayilo imene ikanadutsa mosavuta zaka zitatu zapitazo lero ikhoza kubwezedwa. Apa palinso phunziro lina: ngati munatenga ngongole yanu pa nthawi imene zinthu zinali zotsika, n'kutheka kuti pangano limene muli nalolo ndi labwino kuposa limene angakupatseni lero.

Andiuza kuti dzina langa lili ku ITC. Ndiye kuti ndathera pompo?

Ayi. ITC ndi dzina lakale limene anthu anazolowera, kampani yake masiku ano ndi TransUnion. Ndi imodzi mwa makampani amene amasunga mbiri ya mmene anthu amabwezera ngongole. Mabanki, masitolo ogulitsa pangongole ndi obwereketsa ndalama amatumizako zambiri za makasitomala awo: munatenga zingati, liti, mumalipira pa nthawi yake kapena mochedwa, ndipo ngati nkhani inafika kukhoti, chigamulo chinali chotani. Kuchokera pamenepo amawerengera nambala imene imasonyeza ngati ndinu wodalirika. Kawirikawiri amene anatengapo ngongole kumalo oterewa dzina lake lilimo. Nkhani ndi yakuti pafupi ndi dzinalo palembedwa chiyani.

Mu 2021 Botswana inakhazikitsa lamulo lotchedwa Credit Information Act, limene linaika makampani amenewa pansi pa Bank of Botswana. Tengani pasipoti kapena Omang yanu (chitupa cha nzika za Botswana) mukapemphe lipoti lanu ku kampani yosunga mbiriyo. Mukalilandira, khalani pansi ndi cholembera, muliwerenge mzere ndi mzere. Anthu amadabwa ndi zimene amapezamo. Akaunti ya zovala imene anaisiya ndi P340 atasamuka ku Francistown, makalata n'kumapita ku bokosi la positi limene analisiya kalekale. Kontirakiti ya foni imene ankaganiza kuti inatha yokha. Ngongole imene anasainira mnzawo wa kuntchito ngati womuimira, mnzawoyo n'kubwerera kwawo osatsanzika.

Palinso kanthu kena kooneka kakang'ono koma koononga kwambiri. Banki imadula ndalama ya galimoto pa 25, pamene abwana anu amalipira pa 28. Pa 25 m'mawa uthenga umalowa woti ndalama sizinakwane, amakulipiritsani chindapusa, ndipo pa 28 inu mumathamanga kukalipira pamanja. Mumtima mwanu mukuti simunaphonyepo mwezi, ndipo n'zoona. Koma sitetimenti ikusonyeza kuti miyezi isanu yotsatizana ndalama inabwerera, ndipo amene akuwerenga fayilo yanu sakudziwa za abwana anu.

Nanga ndikapezamo zabodza?

Zimachitika, makamaka kwa alendo. Pasipoti ikasinthidwa nambala imasintha, mayina athu amawalemba molakwika, ndipo nthawi zina ngongole imene munamaliza imaonekabe ngati ilipo chifukwa wobwereketsa sanatumize uthenga woti yatha. Lembani kalata yodandaula ku kampani yosunga mbiriyo, ina kwa amene anatumiza uthenga wolakwikawo, muikepo umboni: malisiti, sitetimenti, kapena kalata yotsimikiza kuti munamaliza kulipira. Sungani kope ya chilichonse, ndipo apakudindireni chidindo cha tsiku limene alandira. Zongolankhula pakauntala zimatha ndi mphepo.

Ngati ndi banki imene ikuzengereza, yambani ndi ofesi yake ya madandaulo. Zikakanika, pali ofesi ya Banking Ombudsman imene imamva madandaulo a makasitomala a mabanki. Ngati ndi kampani yobwereketsa ndalama imene si banki, dandaulo limapita ku NBFIRA, bungwe limene limayang'anira makampani oterowo.

Ndine Mmalawi wa pemiti. Kodi zimenezi zikundipweteka?

Kawirikawiri inde, ngakhale sangakuuzeni mwachindunji. Banki sifuna kuti ngongole ipitirire nthawi imene muli ndi chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito m'dziko muno. Ngati pemiti yanu yatsala ndi miyezi 14 ndipo mukupempha kuti ngongole italikitsidwe kufika miyezi 60, mwapempha chinthu chimene kalaliki sangachivomere ngakhale atakukondani. Chimodzimodzi ndi kontirakiti ya ntchito. Choncho nthawi yabwino yopempha ndi pamene pemiti yangotuluka kumene, kontirakiti yatsopano ili m'manja, osati pamene zonse zili pafupi kutha.

Ena amafunsa ngati mbiri yawo yabwino ya ku Malawi ingawathandize. Ku Malawi kulinso makampani osunga mbiri ya ngongole, pansi pa lamulo la 2010, koma zolembedwa kumeneko siziwoloka malire zokha. First Capital Bank imene mumaiona ku CBD inachokeradi kwathu, muzu wake ndi First Merchant Bank imene inayamba ku Blantyre mu 1995. Komabe ya kuno ndi banki ya ku Botswana, yoyendera malamulo a Bank of Botswana, ndipo idzakuyezani ndi muyezo wa kuno. Kalata yochokera ku banki yanu ya ku Lilongwe mukhoza kuiika m'fayilo, siipweteka, koma musaidalire.

Bwanji ndingoyesa mabanki ena onse sabata yomwe ino? Imodzi ivomera basi.

Musatero. Mukapempha ngongole, wobwereketsa amafufuza dzina lanu, ndipo kufufuzako kumalembedwa. Banki yachinayi ikaona kuti mwagogoda pa zitseko zitatu m'masiku khumi, imaganiza kuti mwapanikizika, ndipo munthu wopanikizika ndi amene amamuopa. Kufunsa chabe za chiwongoladzanja ndi zofunika kubweretsa kulibe vuto. Chimene muyenera kupewa ndi kusaina mafomu paliponse chifukwa chimene anakukanirani chisanakonzedwe.

Zonsezi ndamva, koma ndalama ya pamwezi ikundipha lero. Nditani?

Pitani kwa amene muli naye kale ngongole, ndipo mupite musanaphonye. Anthu amaopa ngati kuti akukadzipereka kupolisi, koma banki nayo sifuna galimoto yanu. Kulanda, kusunga ndi kugulitsa galimoto kumaidyera ndalama. Munthu amene wabwera yekha n'kunena kuti zinthu zathina amamvedwa mosiyana ndi amene akumusakasaka pafoni. Pemphani kuti tsiku lodula ndalama lisunthidwe lifike pambuyo pa malipiro. Funsani ngati angatalikitse pang'ono nthawi yobwezera pa pangano lomwelo, kapena kugawa zimene munatsalira kuti muzilipira pang'onopang'ono. Onaninso inshulansi. Galimoto ya pangongole imayenera kukhala ndi inshulansi yokwanira, koma ambiri akulipirabe pa mtengo umene galimoto inali nawo tsiku logula. Kuiunikanso kungakupulumutsireni kangachepe mwezi uliwonse.

Tsopano ndinene chimene ambiri safuna kumva. Nthawi zina kukanidwako kwakupulumutsani. Tibwerere ku P120,000 ija, ndipo tiyerekeze kuti chiwongoladzanja ndi 12 peresenti pachaka, kwatsala miyezi 36. Mukulipira pafupifupi P3,986 pamwezi, ndipo pofika kumapeto chiwongoladzanja chonse chikhala pafupifupi P23,500. Banki ina ikukupatsani 11 peresenti pa miyezi 60. Pamwezi mutsika kufika pafupifupi P2,609, mpweya ubwera, koma chiwongoladzanja chonse chikwera kufika pafupifupi P36,500. Mwaonjezera P13,000 ngakhale peresenti yatsika, osawerengera ndalama zotsegulira ngongole yatsopano ndi zimene banki yakale ingafune chifukwa chotseka msanga. Ndipo m'chaka chachisanu mudzakhala mukulipirabe galimoto imene yayamba kukhalitsa kwa makaniko. Sindikunena kuti kutalikitsa n'kolakwika nthawi zonse. Ngati kusankha kuli pakati pa kutalikitsa ndi kulandidwa, talikitsani. Koma muchite mukudziwa mtengo wake, ndipo funso loyamba kwa kalaliki likhale lakuti, "Pamodzi ndidzalipira zingati?"

Mnzanga akuti nditenge ngongole wamba nditsekere ya galimoto. Wina akuti ali ndi machonisa wodziwana naye.

Izi ndi nkhani ziwiri. Makampani monga Letshego, imene inayamba kuno ku Gaborone mu 1998, ndi Bayport ndi ovomerezeka, ndipo ambiri amabwereketsa podula pa malipiro. Vuto si lakuti ndi achinyengo ayi. Ngongole yopanda chikole imangokhala yodula kuposa yokhala ndi chikole, kulikonse. Mukatseka ngongole ya galimoto ndi ngongole wamba, kawirikawiri mwasiya yotsika mtengo n'kutenga yokwera. Ubwino wake umodzi ndi wakuti galimoto imamasuka ndipo mukhoza kuigulitsa mwaufulu. Ngati cholinga ndi chimenecho, werengerani bwino. Ngati cholinga ndi kungopumako, mwadzikumbira dzenje lina.

Za machonisa, amene kwathu timati akatapila, yankho ndi lalifupi: ayi. Chiwongoladzanja chawo ndi cha pamwezi, osati cha pachaka. Amene akufuna kusunga khadi lanu la ku banki, nambala yake yachinsinsi kapena pasipoti akuchita zimene NBFIRA imaletsa, ndipo mlendo amene pasipoti yake ili m'kabati ya munthu wina ali pa mavuto oposa a galimoto. Masabata oyamba mutakanidwa ndi oopsa pa chifukwa chimenechi. Mtima uli m'mwamba, ndipo aliyense amene wati "bwerani mawa mudzatenge" amamveka ngati m'bale.

Motshelo, umene umafanana ndi chipereganyu kapena banki m'khonde ya kwathu, ndi wabwino posonkhanitsa ndalama yotsekera tingongole ting'onoting'ono. Kungoti sulembedwa kulikonse, choncho kukhulupirika kwanu kumeneko banki sikuona.

Ndikangowabwezera galimoto yawo, nkhani siithera pomwepo?

Siithera pomwepo. Galimoto yobwezedwa kapena yolandidwa imagulitsidwa, nthawi zambiri pa okushoni, ndipo mtengo wa pa okushoni umakhala wotsika. Ikapita pa P70,000 pamene ngongole ili P120,000, zotsalazo ndi zanu, kuphatikizapo zolipira maloya ndi osunga galimoto. Mumayenda pansi koma mukulipirabe. Nkhani ikafika kukhoti n'kugamulidwa, chigamulocho chimalowa mu mbiri yanu, ndipo ndi chilema chachikulu kuposa china chilichonse. Chisamani chikabwera musachibise pansi pa matiresi. Pitani nacho kwa loya kapena ku banki tsiku loyankha lisanadutse.

Ngati mwaona kuti galimotoyi simungaikwanitse, njira yabwino ndi kuigulitsa nokha mogwirizana ndi banki. Pemphani kalata yosonyeza ndalama zonse zofunika kuti ngongole itsekedwe, pezani wogula, ndalama zipite ku banki mwachindunji, ndipo zikaperewera mukambirane za kubweza zotsalazo. Musagulitse mwamseri kwa munthu woti "azingopitiriza kulipira" dzina lili lanu. Akasiya, banki idzabwera kwa inu, galimoto ili kwina.

Ndipo kwa amene amaganiza zongoiyendetsa kudzera pa mlatho wa Kazungula, Lusaka, Chipata mpaka ku Mchinji osabwereranso: galimoto ya pangongole imafuna kalata ya chilolezo ya banki kuti ituluke m'dziko, ndipo kuthawitsa chikole ndi mlandu. Ngakhale amene akungopita kukadya Khirisimasi kumudzi ayenera kukumbukira kuti banki ingakane kupereka kalatayo ngati ali ndi zotsalira.

Ndiyambire pati kukonza mbiri yanga, ndipo zitenga nthawi yaitali bwanji?

Yambani ndi zimene zatsalira. Akaunti iliyonse imene ili m'mbuyo ifike pamzere, kuyambira imene ili pafupi kupita kwa maloya. Tingongole tating'ono tokhala ngati P340 ija titsekeni, ndipo pa iliyonse mutenge kalata yotsimikiza kuti yatha. Kenako muonetsetse kuti kampani yosunga mbiri yalandira uthengawo, musangoganiza kuti zachitika zokha.

Mukatero, chotsala ndi kulipira pa tsiku lake mwezi ndi mwezi, popanda ndalama kubwerera. Khadi la ngongole ndi akaunti za m'masitolo musazidzaze mpaka pakamwa. Musatenge ngongole yatsopano. Malipiro anu azilowa mu akaunti imodzi kuti sitetimenti izioneka bwino, ndipo ngati mumapeza zina pambali, monga kusoka, kuphunzitsa ana madzulo kapena kukonza magalimoto Loweruka, ndalamazo zizidutsa ku banki. Za m'thumba palibe amene angaziwerengere.

Kwa ife a kwathu pali miyezi imene imagwetsa anthu: Okutobala ndi Novembala pamene kumudzi akufuna ya mbewu ndi feteleza, Disembala wa ulendo, ndi Januwale wa fizi. Munthu amatumiza pa Mukuru tsiku la malipiro, n'kuiwala kuti mawa lake banki idula. Kuthandiza abale sikolakwika, ndipo palibe amene angasiye mayi ake opanda feteleza chifukwa cha nambala ya pakompyuta. Koma dikirani banki idule kaye, mutumize zotsalazo, ndipo ya feteleza muyambe kuisunga mu Juni.

Za nthawi, musayembekeze zodabwitsa m'mwezi umodzi. Mabanki amapempha sitetimenti ya miyezi ingapo yapitayi, choncho miyezi isanu ndi umodzi yoyera imayamba kusintha nkhope ya fayilo yanu, ndipo chaka chathunthu chimaposa pamenepo. Chigamulo cha khoti chimatenga nthawi yaitali kuti chisiye kukupwetekani kuposa kuchedwa wamba. Ubwino wa kudikiraku ndi wakuti m'miyezi imeneyi ngongole ya galimoto nayo ikutsika. Mukaikapo kangachepe koonjezera mwezi uliwonse, mpata uja wa pakati pa ngongole ndi mtengo wa galimoto umatsekeka msanga.

Pa Facebook pali amene akuti amafufuta dzina ku ITC ukawalipira. Ndi zoona?

Zolembedwa zoona palibe amene angazifufute ndi ndalama. Zolakwika mukhoza kuzitsutsa nokha ndi kalata ndi umboni. Amene akukupemphani P1,500 pa Orange Money ndi kope ya pasipoti yanu akhoza kudya ndalamayo, kapenanso kukatenga ngongole m'dzina lanu.

Ndikadzabwereranso ku CBD, ndidzanyamule chiyani?

Lipoti lanu la mbiri ya ngongole limene mwaliwerenga kale, makalata otsimikiza ngongole zimene mwatseka, mapepala a malipiro ndi sitetimenti za miyezi yaposachedwa, kalata ya abwana yotsimikiza ntchito, pasipoti ndi pemiti yokhala ndi nthawi yokwanira, umboni wa kumene mukukhala, kope ya blue book, mapepala a inshulansi, ndi kalata ya banki yakale yosonyeza ndalama zotsala. Mudziwenso mtengo weniweni wa galimoto yanu pofunsa ogulitsa awiri kapena atatu, osati umene mumaufuna mumtima. Ngati ngongole ikuposabe mtengowo, funsani kuti mutaikapo zingati pamanja angavomere. Musanasaine, pemphani pepala losonyeza chiwongoladzanja, ngati n'chokhazikika kapena chimasintha, zolipira zina zonse, ndi ndalama yonse imene mudzakhale mutapereka pofika mwezi womaliza. Pitani nalo kunyumba mukaliyerekeze ndi pangano limene muli nalo kale.